Yamba Wawola Ndowe, Kukwera Pambuyo: Ana a ku Philadelphia ndi Akavalo Awo

Aliyense amene anasungapo ciweto amadziwa kuti khola silidikira munthu. Kaya mwadzuka mutu ukuwawa, kaya kunja kukugwa mvula, kaya pamudzi pali ukwati, ng'ombe imafuna madzi pa nthawi yake, ndipo ndowe za usiku zimafuna wozicotsa. Ambiri a inu munafika pano mukuzidziwa kale zimenezi, pakuti munakulira kubusa. Ena munadzazidziwira konkuno, nkhope zili zakugwa, m'masabata oyamba a maphunziro. Nkhani ya m'kope lino ikucokera kutali, mumzinda wa Philadelphia ku America, kumene mai wina anatenga nchito yomweyi ya m'khola, imene acinyamata ambiri amaithawa, naisandutsa cinthu cimene ana a m'makomboni amacithamangira akaweruka kusukulu. Ziweto zake ndi akavalo, amene ena timawachula kuti mahosi, ndipo masewera amene anawo anachuka nawo ndi polo.

Philadelphia ndi mzinda wa anthu oposa 1.5 miliyoni m'cigawo ca Pennsylvania. Uli ndi mayunivesiti ochuka ndi nyumba zosanja zofika kumitambo, koma ulinso ndi madera amene umphawi, mankhwala osokoneza bongo ndi mfuti zinamangamo misasa. M'caka ca 2021 cokha anthu 562 anaphedwa mumzindawo. Limodzi la madera otere, kumadzulo kwa mzinda, eni ake amalichula kuti The Bottom, ndiye kuti pansi peni-peni, ndipo ambiri okhalamo ndi anthu akuda. Codabwitsa n'cakuti mtunda waufupi kucokera m'misewu imeneyo pali Fairmount Park, malo a mitengo ndi udzu oposa mahekitala 800. M'kati mwake, kumapeto kwa kamsewu kosapitirira, muli khola lochedwa Chamounix, limene kale munkagona akavalo a apolisi.

Mu 1994 mai Lezlie Hiner, amene pa utsikana wawo anagwirapo nchito yosamala akavalo a mpikisano wothamanga, anayambitsa m'kholamo bungwe lochedwa Work to Ride. Dzinalo likunena zonse: gwira nchito kuti ukwere. Mwana wocokera m'banja losauka, kuyambira wa zaka 7 mpaka wotsiriza sekondale, amaphunzira kukwera kavalo osalipira ndalama. Malipiro ake ndi thukuta. Akaweruka kusukulu ndiponso kumapeto kwa sabata amabwera kudzawola ndowe, kudyetsa, kumwetsa, kupesa akavalo ndi kupukuta zishalo. Lamulo laciwiri ndi la kusukulu: magiredi ake asatsike kupyola C. Akatsika, kavalo amuona ndi maso cabe kufikira atakonza zinthu m'kalasi.

Nchito imene mwana amalipira nayo

Olemba nyuzipepala amaidumpha nchito imeneyi ndi mau awiri akuti kusamala akavalo, ngati kuti n'kusisita mphaka. Ife tiyeni tiione ndi maso a mlimi. Kavalo wamkulu bwino amalemera makilogalamu pafupifupi 500. Patsiku amadya cakudya couma cokwana magawo 2 pa 100 a kulemera kwake, ndiye kuti makilogalamu 10, ndipo mbali yaikulu iyenera kukhala udzu. Amamwa malita 25 kufika 40, kuposanso apo kukatentha kapena akathamanga. Zolowa zimatuluka: ndowe ndi mkodzo pamodzi zimapyola makilogalamu 20 pa kavalo mmodzi tsiku lililonse. Muwerenge nokha ngati m'khola muli akavalo 20. Ndi makilogalamu 400 oti anyamulidwe ndi foloko ndi wilibala, osawerengera utuci kapena udzu wogonera umene wanyowa. Mawa lake muluwo umabweranso. Kumeneko kulinso cisanu cimene ife sitinacionepo: m'miyezi ya January ndi February madzi amaundana m'mabakete kukhala ngati mwala, ndipo mwana amayamba wauswa kuti kavalo amwe, zala zili gwa.

Kudyetsa kavalo kumafuna maso kuposa kudyetsa ng'ombe. Ng'ombe ili ndi mimba ya zigawo zinai ndipo imabzikula. Kavalo ali ndi cifu cimodzi cacing'ono, ca malita 8 kufika 15 cabe, ndipo udzu umakagayika m'matumbo aakulu a kumbuyo. Kuwonjezera apo, sangathe kusanza. Cimene calowa molakwika cilibe njira yobwerera. N'cifukwa cake amadyetsedwa pang'ono-pang'ono kangapo patsiku, cakudya catsopano amacizolowetsa kwa masiku, ndipo udzu wa nkhungu sufika m'kamwa mwake. Wosamala akalakwitsa, kavalo amagwidwa ndi kupotokola kwa m'mimba kumene madokotala a ziweto amati colic, nthenda imene imapha akavalo ambiri. Mwana wa zaka 10 wa pa Chamounix ayenera kudziwa zizindikiro zake: kavalo akusiya cakudya, akupalasa pansi ndi phazi, akuceukira m'nthiti mwake, akufuna kugubuduka. Inu osunga abulu musaipite mfundo iyi, pakuti mimba ya bulu ndi yofanana. Ndipo popeza tafika pamenepa, kumbukirani kuti mankhwala a monensin, amene amaikidwa m'zakudya zina zogula za nkhuku ndi ng'ombe, ndi poizoni kwa kavalo ndi bulu. Thumba la cakudya ca nkhuku lisakhale pamene bulu angalifikire.

Palinso ziboda. Tsiku lililonse phazi lililonse limanyamulidwa n'kucotsedwa matope ndi timiyala ndi kacitsulo kokhota, ndipo pakapita masabata 6 kufika 8 ciboda cimasemedwa ndi mmisiri wake. Kavalo woima pa zonyowa ziboda zimayamba kuola m'kati, zimanunkha, ndipo potsiriza amatsimphina. Conco ulesi wa mwana amene anangowola pamwamba n'kubisa zonyowa pansi pa utuci watsopano umadzaonekera pa phazi la kavalo amene mwanayo amafuna kukwera. Sipafunika mphunzitsi womuneneza.

Komabe cimene ife tiona kuti n'cacikulu pa zonse ndi khalidwe la nyamayi. Kavalo, ngakhale ndi wamkulu, ndi nyama yodyedwa ndi zilombo, ndipo nzeru yake yoyamba ndi kuthawa. Maso ake ali m'mbali mwa mutu. Amaona dera lalikulu, koma kumbuyo kwake kweni-kweni saona, ndipo womudzidzimutsa kumeneko amalandira ciboda. Amalankhula ndi makutu, mcira ndi khungu. Akapinda makutu kumbuyo mpaka kugona pakhosi, ndiye kuti wacenjeza. Amamvanso munthu: mayendedwe ake, kapumidwe kake, kuuma kwa dzanja lake pa cingwe. Tsono taganizani za mnyamata amene anakulira kumene wofatsa amadyeredwa, kumene anaphunzira kuyenda moopseza ndi kuyankha cipongwe ndi nkhonya kuti apulumuke. Nzeru imeneyo, imene yamusunga mumsewu, m'khola siigwira nchito. Iye ali ndi makilogalamu 35, mnzakeyo 500. Akakuwa, kavalo amacoka. Akamenya, mawa sadzamugwira n'komwe. Kuti amuveke cam'kamwa ayenera kutsitsa mau, kucepetsa liwiro la manja ndi kudikira. Inu amene munaphunzitsapo ng'ombe zazing'ono kulowa m'goli mukudziwa zimene tikunena. Wankhanza amatha kuilowetsa lero, koma imadzakhala ng'ombe yothawa goli moyo wake wonse, ndipo mizere yake imakhota.

Pano tivomere kanthu kamene kanatiluma powerenga za malo amenewa. M'masukulu ambiri amene ife tinaphunziramo, khasu ndi cikwakwa zinali zilango. Wocedwa ankapatsidwa malo oti alime, waphokoso ankatumidwa kukadula udzu. Ifenso tinalakwapo motero: tinatumapo wophunzira wocedwa kukapala khola la nkhuku kuti amve kuwawa, kenaka n'kumadabwa kuti n'cifukwa ciani acinyamata amaona nchito ya ziweto ngati manyazi. Pa Chamounix zinthu zinaikidwa mozondoka. Kuwola ndowe ndiyo tikiti yolowera, ndipo cilango n'kuletsedwa kukwera. Walira mvula walira matope, anatero akale, ndipo anawo amawalandira matopewo cifukwa mvula yake amaiona ndi maso tsiku lomwelo.

Masewera a anthu olemera

Polo ndi masewera akale kwambiri a ku Persia ndi m'maiko a pakati pa Asia. Anthu a ku Britain anawapeza akuseweredwa kumpoto cakum'mawa kwa India ca m'ma 1850, anawaikira malamulo awo, ndipo mu 1876 anafika ku America. Tingawayerekeze ndi mpira wa miyendo woseweredwa pamsana pa kavalo. Bwalo la panja ndi la mamita 274 m'litali ndi 146 m'lifupi, pafupifupi mahekitala 4 a udzu wometedwa bwino, munda woti mlimi angauyang'ane n'kuwerenga matumba a cimanga amene akutayika. Timu iliyonse ili ndi anthu anai. Wosewera amagwira zingwe za kavalo kumanzere, ndipo kumanja amanyamula ndodo yopepuka ya mamita pafupifupi 1.3 yokhala ndi mutu wa mtengo wonga wa nyundo. Mpira amaumenya ndi mbali ya mutuwo, osati nsonga. Ngakhale wamanzere ayenera kumenya ndi dzanja lamanja, kuti akavalo awiri obwera moyang'anizana asagundane mitu. Lamulo lalikulu ndi la mzere umene mpira ukuyendamo: wina akakhala pa mzerewo, mnzake saloledwa kumudutsa kutsogolo moika moyo paciswe.

Masewera amagawidwa m'zigawo zochedwa chukka, ciliconse ca mphindi 7 ndi kanthu. M'mphindi zimenezo kavalo amathamanga, kuima mwadzidzidzi, kutembenuka ndi kukankhana mapewa ndi anzake, mwakuti cigawo cikatha amakhala atanyowa ndi thukuta ndipo wosewera amakwera wina. Munthu mmodzi amafuna akavalo angapo pa masewera amodzi, galimoto yowanyamulira ndi anchito owasamala. Apa m'pamene pagona cifukwa cake polo ndi masewera a mafumu, akulu a asilikali ndi eni cuma. Ku America analinso masewera a azungu pafupifupi okha-okha.

Nanga ana a ku The Bottom analowamo bwanji? Khomo linali polo ya masukulu, imene imaseweredwa m'bwalo laling'ono lochingidwa, la mamita 91 ndi 46, anthu atatu mbali iliyonse, ndi mpira wacikopa wopopa. M'mipikisano imeneyi akavalo amagawanidwa: amene timu iyi yakwera m'cigawo cimodzi, timu inayo imadzawakwera m'cigawo cina. Wolemera sangapambane cifukwa cakuti atate ake anamugulira kavalo wabwino. Mwana aliyense amapatsidwa nyama imene saidziwa, ndipo ali ndi mphindi zocepa kuti aimve. M'kuona kwathu, pamenepa umphawi wa Work to Ride unasanduka mwai. Akavalo ake ambiri ndi opatsidwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi opuma pa mpikisano wothamanga, nyama zimene zinaphunzira cinthu cimodzi cokha, kuthamangira kutsogolo ndi mphamvu zonse. Kuti kavalo wotere asewere polo ayenera kuphunzitsidwa mwatsopano kuima, kukhota ndi dzanja limodzi, ndi kusaopa ndodo yodutsa pafupi ndi diso lake. Mwana amene wakulira pa akavalo ovuta otere, n'kugwa nawo kambiri-mbiri, sadodoma akapatsidwa kavalo wacilendo.

Timu yoyamba inapangidwa mu 1999, ndipo inali timu yoyamba ya polo ya ana akuda okha-okha m'dzikolo. Zaka zoyamba zinali zogonja. Analibe bwalo lofolera, motero cisanu cikafika poyeserera pankasowa, pamene anzawo a m'masukulu a ndalama ankayeserera m'nyumba. Masewera ambiri anali a kwa eni, ulendo wa maola pa galimoto, ndipo kumene ankafikako nthawi zambiri anthu akuda anali iwo okha. Zinatenga zaka 12. M'mwezi wa March 2011, pa Virginia Polo Center mumzinda wa Charlottesville, anyamata atatu, Kareem Rosser, mng'ono wake Daymar Rosser ndi Brandon Rease, anagonjetsa timu ya ku Baltimore ndi zigoli 24 kwa 17 natenga cikho ca masukulu a sekondale a dziko lonse. Aka kanali koyamba kuti timu ya anthu akuda okha-okha itenge cikhoco. Caka cotsatira, 2012, Work to Ride inacitenganso.

Kareem, amene anayamba kubwera kukhola ali ndi zaka 8, anapita ku Colorado State University, kumene mu 2015 anatsogolera timu yake kutenga cikho ca mayunivesiti. Anatsiriza maphunziro a zacuma, ndipo mu 2021 anatulutsa buku la moyo wake lochedwa Crossing the Line. Daymar anatenga cikho comweco mu 2017 ndi Roger Williams University. Palinso Shariah Harris, amene anafika pa Chamounix cifukwa cakuti amai ake anasocera njira ndi galimoto m'pakimo. Iye anaphunzira za ziweto ku Cornell University, mu 2017 anakhala mkazi woyamba wakuda kusewera polo ya pamwamba kwambiri ku America, ndipo pambuyo pake anakhala namwino.

Amene kholalo silinathe kuwasunga

Nkhani ikathera pa zikho imakoma, koma imakhala yosakwanira. Mu 2003 mtsikana wa zaka 14, mmodzi wa okwera bwino kwambiri pa Chamounix, amene ankafuna kudzakhala wothamangitsa akavalo pa mipikisano, anaomberedwa ndi mfuti m'nyumba ya kwawo pamodzi ndi amai ake ndi mwamuna amene amaiwo ankakhala naye. Mwanayo analibe colakwa. Ankabwera kukhola, ankagwira nchito yake, ankatsata malamulo onse. Anzake, kuphatikizapo Kareem amene panthawiyo anali wamng'ono, anabwerera kukhola maliro atatha, ndipo anapeza akavalo akudikira cakudya monga mwa masiku onse.

Ena msewu unawakoka okha. M'banja la a Rosser, amene anayamba kulipeza kholalo ndi akulu ake a Kareem, akuyenda pa njinga m'pakimo. Anali ndi luso pa kavalo, ndipo ndiwo anatsegulira ang'ono awo njira. Koma iwo sanakhalitse. Ndalama za msanga za malonda a mankhwala osokoneza bongo zinaposa wilibala ya ndowe, ndipo nkhani za ndende zinalowa m'banjamo. Mai mmodzi, nyumba imodzi, khola limodzi, mphunzitsi mmodzi, koma mathero osiyana. Amene amati ciweto cimakonza mwana aliyense ayenera kuyamba waima pamenepa.

Khola limasunga mwana maola atatu kapena anai patsiku. Maola otsalawo ali kunyumba ndi mumsewu. Mai Hiner anaona msanga kuti kuphunzitsa kukwera sikukwanira, ndipo nchito yawo inakula kufika pa zimene sizilembedwa pa cikwangwani: kunyamula ana pa galimoto, kuona ngati alemba nchito ya kusukulu, kulondola magiredi, kufunafuna malo m'masukulu abwino ndi anthu olipira. Kareem anaphunzira sekondale pa sukulu yogonera komweko ya Valley Forge Military Academy, kunja kwa mzinda. Tikanena zoona, mbali ina ya kupulumuka kwake inali kucoka ku The Bottom n'kukagona kwina. Kavalo anatsegula citseko, koma panafunika munthu wamkulu woyenda ndi mwanayo zaka khumi osatopa, ngakhale pa masiku amene mwanayo anali wamwano. Ife amene taonapo wophunzira wakhama akubwerera kumudzi n'kugulitsa mbuzi zake zoyambira m'caka cimodzi cifukwa panalibe womuyendera, sitiona cacilendo pamenepa.

Funso la ndalama nalonso silithawika. Kavalo ndi ciweto codya ndalama: udzu wogula, mmisiri wa ziboda, katemera, dokotala, zishalo, mafuta a galimoto. Sapereka mkaka, ndipo pa Chamounix salima. Bungweli limadalira zopereka za anthu akufuna kwabwino ndi ndalama zimene anthu ena amalipira pophunzira kukwera pa kholalo. Kuchuka kunathandizako: mu 2019 kampani ya zovala ya Ralph Lauren inajambula osewera a Work to Ride pa zotsatsa malonda zake, ndipo mu 2022 kunayambika masewera osonkhetsa ndalama ochedwa Philadelphia Polo Classic mu Fairmount Park momwemo. Ngakhale zili tero, ana amene amalandiridwa ndi makumi owerengeka, mumzinda umene ana osauka ali zikwi-zikwi. Munthu angafunse mwacilungamo kuti, kodi ndalama yosungira kavalo mmodzi siikanagula mabuku a kalasi lonse, kapena mipira ndi mayunifomu a matimu khumi?

Funsolo ndi loona, ndipo sitilipeputsa. Pa kuwerengera mutu ndi mutu, mpira wa miyendo ndiwo wochipa. Koma pali kusiyana kumodzi kumene mlimi angakumve msanga kuposa wowerengera ndalama. Mpira ukausiya pakona sabata yathunthu, umaupeza uli momwemo. Kavalo ukapanda kubwera amagona ndi ludzu. Mwana amene kunyumba ndi kusukulu amamuona ngati katundu, kapena ngati vuto loti lithetsedwe, amapeza malo amene kujomba kwake kumapweteka wina wamoyo, ndipo kufika kwake kumalandiridwa ndi mutu wosuzumira pacitseko. Ife tikhulupirira kuti cimene cimadzutsa mwana wotere m'mawa wa cisanu ndi cimeneci, kuposa cikho cimene ambiri a iwo sadzacigwira n'komwe.

Nzeru imeneyi siili ku Philadelphia kokha. Ku London, m'dera la Brixton, kuli Ebony Horse Club imene mai Ros Spearing anayambitsa mu 1996, ndipo khola lake lili pakati pa nyumba zosanja za anthu opeza mocepa ndi njanji ya sitima. Kumeneko n'kumene anaphunzirira Khadijah Mellah, amene mu 2019, ali ndi zaka 18, anapambana mpikisano wa Magnolia Cup ku Goodwood atakwera kavalo wochedwa Haverland. Kumenekonso ana amaphunzira foloko ndi burashi pamodzi ndi cishalo.

Kwathu kuno polo si yacilendo kweni-kweni. Amene munapitako ku cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds mu Lusaka munadutsa pafupi ndi bwalo lake. M'masewera ena ofanana nayo, a polocrosse, amene amaseweredwa ndi ndodo ya kaukonde kunsonga, Zambia inafika pa masewera otsiriza a cikho ca dziko lonse lapansi mu 2015 ku South Africa, n'kugonja kwa eni bwalo. Koma akavalo m'midzi mwathu ndi osowa, ndipo zifukwa zake si ndalama zokha. Kumene kuli kashembe kavalo sakhalitsa, ndipo nthenda ya African horse sickness, imene imafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toluma madzulo ndi mbandakuca m'nyengo ya mvula, imapha akavalo ambiri osalandira katemera. Conco sitikunena kuti wina wa inu akagule kavalo. Tangoona kuti pa mafamu amene amasunga akavalo, munthu wodziwa nyama iliyonse ndi dzina, wodziwa kuti uyu sanadye bwino usiku ndipo uyo akuponda mopepuka ndi phazi lakumanzere, kawiri-kawiri ndi wanchito wa m'khola, amene pa tsiku la masewera amaima kunja kwa bwalo atagwira cingwe. Cimene mai Hiner anacita n'kunena kuti wogwira cingweyo ndi amene akwere.

Ndipo akakwera, nchito ya m'khola siimucoka. Pa mipikisano ya masukulu, belu lotsiriza likalira, wopambana ndi wogonja onse amatsika n'kumasula lamba wa cishalo. Kavalo wotentha saimikidwa pomwepo. Amayendetsedwa pang'ono-pang'ono mpaka kupuma kwake kutabwerera m'malo. Nsalu zomanga miyendo zimamasulidwa, ndipo dzanja limatsika mwendo uliwonse kufunafuna potupa kapena potentha. Mcira umene unamangidwa kuti usakole ndodo umamasulidwa n'kupesedwa. Thukuta limatsukidwa, madzi amaperekedwa, zishalo ndi zam'kamwa zimapukutidwa. Pambuyo pa zonsezi m'pamene ana a Work to Ride amalowa m'galimoto kuyamba ulendo wobwerera ku Philadelphia, ena atatsamira mabuku a nchito ya kusukulu yofunika Lolemba m'mawa, ndipo akafika pa Chamounix usiku amayamba aona mabakete a madzi a akavalo amene anatsala.